Mawu aja a "boma la anthu" ananenedwa kumanda, eti?

Bambo a Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Dzulo madzulo mwana wanga wa Fomu 2 amaloweza za mayeso, ndiye ndikumumva akubwereza kuti demokalase ndi boma la anthu, lopangidwa ndi anthu, lotumikira anthu. Ndinaseka chifukwa ifenso tinaloweza zomwezo. Kenako wandifunsa kuti ananena ndani. Ndati Abraham Lincoln. Wati ananena ali kuti? Apo ndiye ndinagwira njakata. Titafufuza pa foni tinapeza kuti ananenera kumanda, pa mwambo wopatula malo oikapo asilikali ofa pa nkhondo ku Gettysburg. Ine zaka zonsezi ndimayesa ananenera ku nyumba ya malamulo kapena pa msonkhano wa kampeni. Ndiye odziwa tandithandizani. Munthu waitanidwa kukalira asilikali, za boma zikubweramo bwanji? Kwathu kuno wandale akayamba ndale pamaliro timati walakwira mwambo. Nanga uyu dziko lonse likumuombera m'manja chifukwa chiyani?

Aphunzitsi a ku Zomba:
Bambo a Tadala, tiyambe taona kaye malowo. Gettysburg kanali katauni ka anthu pafupifupi 2,400 m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo nthawiyo America inali pa nkhondo yapachiweniweni. Kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julayi 1863 magulu awiri anakumana pamenepo: asilikali a boma, akumpoto, otsogozedwa ndi George Meade, ndi a zigawo zakummwera zimene zinagalukira boma, otsogozedwa ndi Robert E. Lee. Pa masiku atatu okhawo ophedwa, ovulala, ogwidwa ndi osowa anakwana cha m'ma 50,000. Ofera pomwepo anapitirira 7,000. Taganizani, mitembo kuchuluka katatu kuposa eni mudzi, nyengo yotentha, kuonjezapo mahatchi zikwi zingapo ofera m'minda ya anthu. Anakwirira mothamanga m'maenje osaya, pena pomwepo pamene munthu wagwera. Mvula ikagwa miyendo ndi manja zimatulukira, nkhumba n'kumafukula.

Loya wina wa m'tauniyo, David Wills, ndi amene anayendetsa zogula malo oti akhale manda enieni a asilikali. Mwambo wopatula mandawo unachitika pa 19 Novembala, patatha miyezi inayi ndi theka. Tsono apa mumve bwino. Wolankhula wamkulu tsikulo sanali Lincoln ayi. Anali Edward Everett, katakwe pa zolankhula pagulu, amene anakhalapo mkulu wa yunivesite ya Harvard komanso nduna yoona zakunja. Iyeyu analankhula maola awiri, mawu oposa 13,000. Pulezidenti Lincoln anangopemphedwa kuti pomaliza anene mawu ochepa oyenera mwambowo. Anaimirira, nanena ziganizo khumi, mawu pafupifupi 270, mphindi ziwiri, n'kukhala pansi.

Achimwene a ku Joni:
Kkkkk ndiye kuti a Everett anali ngati amalume aja amene akapatsidwa mpata pamaliro amayambira pa agogo a agogo, dzuwa lili paliwombo, adzukulu atatsamira makasu.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Musawanyoze a Everett, achimwene. Masiku amenewo kunalibe wailesi. Anthu anayenda mitunda italiitali, ena mwa iwo abale a ofawo, ndipo amafuna kumva mwatsatanetsatane mmene nkhondo inayendera, gulu liti linaima pa chitunda chiti, ndi mmene zinathera tsiku lachitatu pamene Lee anatumiza amuna oposa 12,000 kudutsa pamtetete kulunjika pamene panali mizinga. Everett anawapatsa zimenezo, ndipo anthu anakhutira. Anayambira ku Athens wakale, mmene Agiriki ankaikira asilikali awo ndi ulemu wa mzinda wonse, namaliza ndi mawu a Pericles, mtsogoleri wa mzindawo. Koma m'mawa mwake iye mwini analembera Lincoln kalata, kunena kuti akanakondwa akanakhala kuti pa maola ake awiri anafika pa phata la mwambowo monga Lincoln anafikira pa mphindi ziwiri.

Nabanda wa Zamalamulo:
Ndilowepo pang'ono, akuluakulu. Bambo a Tadala akufunsa kuti za boma zikubweramo bwanji. Yankho lili m'chiganizo choyamba, ndipo ndi masamu chabe. Lincoln anayamba ndi kunena kuti zaka 87 zapitazo makolo athu anabala mtundu watsopano. Chotsani 87 pa 1863, mupeza 1776. Chimenecho si chaka cha malamulo oyendetsera dziko la America, amene analembedwa mu 1787. Ndi chaka cha chikalata cholengeza ufulu wodzilamulira, chija chimati anthu onse analengedwa ofanana.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Malamulo a 1787 anaulekerera ukapolo. Pogawa mipando ya ku nyumba ya malamulo akapolo asanu ankawerengedwa ngati anthu atatu, ndipo kapolo wothawa ankayenera kubwezedwa kwa mbuye wake. Mu 1857 khoti lalikulu, pa mlandu wa Dred Scott, linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika, ndipo woweruza wamkulu Roger Taney analemba kuti olemba chikalata cha 1776 sankawerengerako anthu akuda. Mu 1861 wachiwiri kwa mtsogoleri wa zigawo zogalukira, Alexander Stephens, ananena poyera kuti boma lawo lamangidwa pa mfundo yoti wakuda safanana ndi mzungu. Kummwerako kunali akapolo pafupifupi 4 miliyoni.

Ndiye Lincoln posankha kuwerengera kuchokera mu 1776 akuuza khamulo kuti dziko lawo linabadwira pa lonjezo la kufanana, malamulo anachita kubwera pambuyo. Omutsutsa anazimva bwino lomwe. Nyuzipepala ya Chicago Times inamunena kuti wapotoza mbiri, ndipo waima pa manda a anthu n'kuwanamizira chimene anafera.

Bambo a Tadala:
Ehe! Ndiye mukundivomereza, achemwali. Ndale anachitadi pamaliro.

Nabanda wa Zamalamulo:
Anachitadi bambo, sindikukana.

Sajeni Wopuma:
Ine sindinapite patali ndi sukulu ngati anzanga pano, koma pa nkhani iyi ndili ndi kanga. Ndinaperekezapo bokosi la mnzanga kumudzi kwawo, kumapiri a ku Ntcheu. Tinafika usiku pa lole, bokosi litakutidwa ndi mbendera, msewu woipa moti chigawo chomaliza tinachita kunyamula pamapewa anthu akuunika ndi matochi a pa foni. M'thumba ndinali ndi pepala loti ndikawerenge m'mawa: analowa ntchito chaka chakuti, anakwezedwa chaka chakuti, anali womvera, anali wolimbikira. Tisanalowe m'nyumba ya siwa mayi ake anandigwira malaya. Sanafunse kuti wafa bwanji, zimenezo anali atamva kale. Anati, "Mwananga, nanga wafera chiyani?" Papepala langa panalibe yankho. Ndinangoti pepani mayi.

Tsono wandale wa kwathu akabwera pamaliro a munthu amene wafa ndi malungo n'kuyamba za chipani chake, walakwa, chifukwa malirowo sakumukhudza. Koma Lincoln anali mkulu wa asilikali onse. Anyamata aja anafa chifukwa iye anakana kulola dziko kugawikana. Funso la mayi uja linali lake kuyankha, ndipo akanangoti pepani ngati ine, akanakhala wamantha. Iye anayankha kuti afera kuti boma lotere lisafafanizike pa dziko lapansi. Mutha kutsutsa yankholo, koma anayankha.

Mkulu wa Mpingo:
A Sajeni mwalasa. Ine chimene chimandigwira mtima ndi pakatikati pa mawuwo. Munthu waitanidwa kudzapatula manda, ndipo akuvomera kuti n'koyenera kutero. Kenako akutembenuka. Ndiyesere kuika m'Chichewa chathu: "Koma kunena zoona, ife sitingathe kupatula nthaka ino, sitingathe kuiyeretsa, sitingathe kuidalitsa. Amuna olimba mtima, amoyo ndi akufa, amene analimbana pano anaipatula kale, moti mphamvu zathu zochepazi sizingaonjezepo kapena kuchotsapo kanthu." Ndiye akuti amene ayenera kupatulidwa pano ndife amoyo, tiperekedwe ku ntchito imene awa sanaimalize.

Ife tikamatsekulira tchalitchi chatsopano timapempherera nyumbayo, anthu n'kubwerera kwawo mmene anabwerera. Uyu anasiya nthaka, napatula khamu. Amene anabwera kudzaonerera mwambo anabwerera atasenzetsedwa katundu.

China n'chakuti Chingerezi chake ndi cha m'Baibulo lakale. Zaka 87 zija sananene monga timawerengera masiku onse. Anawerenga m'magulu a makumi awiri, magulu anayi ndi zisanu ndi ziwiri, monga Salimo 90 limawerengera zaka za moyo wa munthu m'Baibulo lawo la Chingerezi. Anthu amene anakulira pa Baibulo limenelo atangomva chiganizo choyamba anadziwa kuti apa tavula zipewa.

Anachisale ku Leeds:
Ine ndine mzamba, ndiye mundikhululukire, ndimaona zauchembere paliponse. Koma taonani nokha. Munthu ali kumanda, mitembo ina isanaikidwe n'komwe, koma mawu amene wasankha ndi a m'chikuta. Akuti mtunduwo mimba yake inatengedwa mu ufulu. Akuti makolo anaubala. Akuti asilikali anapereka moyo wawo kuti mtunduwo ukhale ndi moyo. Pomaliza akuti ubadwenso mwatsopano mu ufulu. Kuyambira pa pakati, kubadwa, imfa, mpaka kubadwanso, zonse m'mphindi ziwiri. Kwa ine akunena kuti magazi onse aja asakhale a ngozi yapamsewu, akhale a kuchira kwa mayi. Amene tagwirapo ntchito m'chipinda chochiliramo tikudziwa kuti magazi ake amaoneka chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti pamapeto pali mwana kapena palibe.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti obala onse m'mawu akewo ndi abambo. Mayi satchulidwa ngakhale mmodzi. Chonsecho iye pochoka ku Washington anasiya mwana wake Tad akudwala, mkazi wake Mary ali ndi nkhawa, pakuti mwana wawo wina, Willie, anali atamwalira mu Febuluwale 1862. Amadziwa bwino kuti kuika mwana m'manda n'chiyani.

Achimwene a ku Joni:
Akuluakulu mwayankhula zokoma, koma ine ndisakunamizeni, mawu okoma amandiopsa kuposa mawu oipa. Tachotsani ndakatulozo muone chotsala. Mkuluyu akuuza anthu kuti ana anu afa, ndiye kuti asafe pachabe, tumizani ena. Basi. Kumeneko si kutonthoza, ndi kulemba anthu usilikali. Ndipo nkhondo inapitiriradi miyezi ina pafupifupi 17, mpaka Epulo 1865, anthu ofa onse pamodzi kupitirira 600,000.

Komanso tifunse kuti amafa ndani. Chaka chomwecho boma la Lincoln linakhazikitsa lamulo lokakamiza amuna kulowa usilikali, koma amene anali ndi madola 300 amatha kulipira n'kutsala pakhomo. Waganyu akanawapeza kuti madola 300? Patangotha masiku khumi nkhondo ya Gettysburg itatha, ku New York kunabuka zipolowe chifukwa cha lamulo limeneli, anthu oposa 100 anafa, ndipo mkwiyo wonse unathera pa anthu akuda, ena kupachikidwa m'misewu, nyumba ya ana amasiye achikuda kutenthedwa. Ndiye mukandiuza kuti boma la anthu, ine ndifunsa kuti anthu ake ati? Amayi sankavota, anadikira mpaka 1920. Eni nthaka enieni a dzikolo nanga? Lincoln yemweyo anavomereza kuti amuna 38 a mtundu wa Dakota anyongedwe tsiku limodzi ku Mankato, pa 26 Disembala 1862, chaka chisanathe kuti akalankhule zokomazi. Ndipo a Nabanda, ngati nkhani inali ukapolo, bwanji liwu loti ukapolo mulibemo m'mawu onsewo? Amaopa chiyani?

Nabanda wa Zamalamulo:
Liwulo mulibemodi, achimwene. Mulibenso dzina la Gettysburg, mulibe kumpoto kapena kummwera, mulibe dzina la msilikali kapena la mdani. Liwu limene analibwereza kasanu ndi loti mtundu. Chifukwa china ndi ndale zomwezo: chisankho cha 1864 chinali pafupi, azungu ambiri akumpoto ankalolera kufera umodzi wa dziko koma osati kufera akapolo, ndipo zigawo zinayi zokhala ndi akapolo, Maryland, Delaware, Kentucky ndi Missouri, zinali mbali ya boma. Ngakhale chilengezo chake chomasula akapolo cha pa 1 Januwale 1863 sichinakhudze zigawo zimenezi. Anali wandale wochenjera, sindikumuyeretsa.

Koma muone liwu limene anasankha ponena za kufanana. Sanati ndi mmene zinthu zilili. Anagwiritsa ntchito liwu la m'masamu, la mfundo imene imayenera kutsimikizidwa. Ndipo chiganizo chachiwiri akuti nkhondoyi ndi mayeso, kuona ngati mtundu womangidwa pa mfundo yotere ungakhalitse. Munthu amene akuti tili pa mayeso akuvomera kuti sitinakhoze. N'chifukwa chake funso lanu loti anthu ake ati silikugwetsa mawuwo. Mawuwo ndi amene amakupatsani poimira pofunsa funsolo.

Achimwene a ku Joni:
Aaa, maloya inu. Munthu akabisa mawu mumati wanena mwakuya.

Nabanda wa Zamalamulo:
Kkkk ayi, taonani zimene zinatsatira. Mu Januwale 1865 Lincoln yemweyo anakankha mpaka nyumba ya malamulo inavomereza kusintha malamulo oyendetsera dziko kuti ukapolo uthe m'dziko lonse, ndipo kusinthako kunayamba kugwira ntchito mu Disembala chaka chomwecho, iye ataphedwa kale mu Epulo. Patapita zaka pafupifupi 100 chilankhulire Lincoln ku Gettysburg, pa 28 Ogasiti 1963, Martin Luther King anaima pa chipilala chokumbukira Lincoln ku Washington, nayamba mawu ake ndi kawerengedwe komweko ka makumi awiri. Sanabwere kudzayamika. Anabwera ngati munthu wodzalonjerera ngongole, kunena kuti munalonjeza kufanana ndipo simunalipire. Ngongole sungailonjerere popanda pamene wokongolayo anavomera.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Achimwene a ku Joni, ndikupatseni zida zina, pakuti mbali ina ndili nanu. Kwathu kuno maliro sayenda popanda adzukulu, ndiye tifunse kuti adzukulu a ku Gettysburg anali ndani. Ntchito yofukula mitembo m'minda n'kukaiika ku manda atsopano inaperekedwa pa mtengo wa $1.59 mtembo umodzi. Ambiri amene anagwira fosholo anali amuna achikuda, otsogozedwa ndi mlimi wina wa komweko dzina lake Basil Biggs. Iyeyu nkhondo ikuyandikira anathawitsa banja lake, chifukwa asilikali a Lee polowa mu Pennsylvania ankagwira anthu akuda, ngakhale obadwa mfulu, n'kuwatumiza kummwera ku ukapolo. Atabwerera anapeza munda wake utasakazidwa. Ndiye anayamba kufukula mitembo ya miyezi itatu, inayi, kupisa m'matumba a malaya owola kufuna kalata kapena kanthu kalikonse kosonyeza dzina. Tsiku limene Lincoln amalankhula ntchitoyi inali isanathe, inatha mu Malichi 1864. Anaika asilikali a boma oposa 3,500, mazanamazana mwa iwo opanda dzina.

A kummwera sanaikidwe m'manda amenewo. Anatsala m'maenje awo mpaka kumayambiriro a zaka za m'ma 1870, pamene mafupa awo anatengedwa kupita ku Richmond ndi mizinda ina yakwawo. Ndipo amuna achikuda a m'tauniyo amene anamenya nawo nkhondo mbali ya boma, ambiri atamwalira anakaikidwa ku manda awoawo a anthu akuda. Asilikali achikuda onse m'nkhondoyo anali pafupifupi 180,000, ndipo mpaka mu 1864 ankalandira madola 10 pamwezi, n'kudulidwapo 3 a yunifolomu, mzungu akulandira 13.

Bambo a Tadala:
Iii, aphunzitsi. Ndiye kuti amene anakumba manda a "anthu onse analengedwa ofanana" analibe malo m'mandamo?

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ndi mmene zinalili bambo.

Mayi a Chisomo:
Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyankhulepo. Amuna anga sanali msilikali, anafera pa ntchito ya kampani ina. Pamaliro bwana wawo anaimirira, suti yakuda, nalankhula mpaka amayi kumbuyo kuno kulira mokweza. Anati malemuwa sanafe pachabe, anati ana awa ndi athu, sukulu aphunzira. Anthu anachita kunena kuti koma bwana uyu amatha kuyankhula. Chaka chotsatira ndinapita ku ofesi kwawo kanayi ndi kalata ya fizi. Ulendo wachinayi mlonda anandiuza pageti kuti abwana ali pa msonkhano, galimoto yawo ine ndikuiona. Mwana ndinamuphunzitsa ndi mandasi.

Ndiye ine mawu a pamaliro sindiwayeza tsiku la maliro. A Mkulu wa Mpingo akuti khamu linabwerera litasenzetsedwa katundu. Chabwino. Koma wolankhulayo anasenza wake? Amayi amasiye a anyamata a ku Gettysburg analandira chiyani?

Aphunzitsi a ku Zomba:
Pepani mayi, zimenezo n'zowawa. Funso lanu lili ndi yankho. Mu Julayi 1862 boma lawo linakhazikitsa lamulo la penshoni, ndipo mkazi wamasiye wa msilikali wamba ankalandira madola 8 pamwezi. Si zambiri, ndipo ankayenera kupereka umboni wa ukwati ndi wa imfa, zimene zinkavuta kwa amene amuna awo anaikidwa opanda dzina. Koma zinalipo, ndipo penshoni za nkhondo imeneyi zinadzakhala gawo lalikulu la ndalama zimene boma linkagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Lincoln mwini polumbira kachiwiri pa 4 Malichi 1865 anatchula poyera za kusamalira amene anasenza nkhondo, mkazi wake wamasiye ndi mwana wake wamasiye. Patangotha milungu isanu ndi umodzi anawomberedwa.

Mayi a Chisomo:
Bola iwo. Madola 8 akuposa "abwana ali pa msonkhano".

Sajeni Wopuma:
Aphunzitsi, inu muli ku Zomba, chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) mumachiona tsiku ndi tsiku. Novembala aliyense timakaika nkhata. Ine ndikamaima pamenepo ndimaganiza za agogo athu a nkhondo ya Chiwaya, makamaka amtengatenga amene anafera m'njira atasenza katundu wa nkhondo ya eni. Iwowa akanafunsa kuti tafera chiyani, akanawayankha ndani?

Aphunzitsi a ku Zomba:
Alipo amene anafunsa m'malo mwawo, a Sajeni, ndipo ali pa ndalama zathu. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndipo anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, kufupi ndi Appomattox kumene Lee anagonjera. Anaona ndi maso ake mmene anthu akuda ankakhalira zaka makumi atatu ukapolo utatha. Anabwerera mu 1900. Nkhondo itafika ku Karonga mu Seputembala 1914 ndipo anthu athu atafa, iye analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala. Mfundo yake inali yoti pa mtendere zonse ndi za azungu, koma pa nkhondo tikuitanidwa kukakhetsa magazi, ndipo anati apite olemera, eni masitolo ndi eni minda akawomberedwe, osati amphawi amene akafa amangosiya mzere wa akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma la atsamunda linaitsekereza kalatayo. Mu Januwale 1915 mukudziwa zimene zinachitika.

Ndikaika awiriwa pamodzi ndimaona kuti funso lawo ndi limodzi, la mayi a ku Ntcheu aja. Lincoln akanatha kuuza ofedwa kuti boma limene ana anu afera ndi lanu. Bwanamkubwa wa Nyasaland sakanatha kunena zimenezo kwa mayi wa ku Chiradzulu popanda kunama.

Achimwene a ku Joni:
Apo ndiye tagwirizana aphunzitsi. Ine ndili mbali ya Chilembwe. Ndipo waganyu wa ku New York wopanda madola 300 uja akanawerenga kalata ya Chilembwe akanati ameni.

Nabanda wa Zamalamulo:
Akanati ameni, koma iye anali ndi voti, ndipo mu 1864 anaigwiritsa ntchito, nkhondo ili mkati. Asilikali ambiri amene anavotera kumisasa anasankha Lincoln. Agogo athu amtengatenga sanafunsidwe ndi munthu.

Achimwene a ku Joni:
Ovota anali amoyo, achemwali. A m'manda aja sanafunsidwe ngati akuvomereza zimene ananenedwa pamutu pawo.

Mkulu wa Mpingo:
Palibe maliro amene malemu amavomereza mawu, achimwene. N'chifukwa chake timasamala amene tikumupatsa mpata.

Bambo a Tadala:
Funso lina laling'ono. Pa foni paja tinawerenganso kuti analemba mawuwa kuseri kwa envelopu ali m'sitima. Zoona?

Aphunzitsi a ku Zomba:
Nthano imeneyo. Anayamba kulemba ali ku Washington, pa pepala la ku nyumba ya boma, namalizitsa ku nyumba ya Wills kumene anagona. Sanali munthu wolankhula za m'mutu pa zinthu zikuluzikulu. Alipo makope asanu olembedwa ndi dzanja lake, ndipo amasiyana pang'ono. A Mkulu wa Mpingo, ichi ndi chanu: mawu oti "pansi pa Mulungu" mulibe m'makope awiri oyambirira, koma atolankhani amene analipo anawalemba, ndipo ali m'makope atatu amene analemba pambuyo pake. Kope lomaliza, limene anasainira, ndi limene lili ku White House ndiponso limene ana amaloweza.

Pobwerera m'sitima anali atayamba kudwala, ndipo inapezeka kuti ndi nthomba. Wantchito wake wachikuda amene anapita naye ndi kumusamalira, William Johnson, anamwalira ndi nthomba mu Januwale 1864.

Anachisale ku Leeds:
Ine chimandisangalatsa ndi chiganizo chija akuti dziko silidzasamala kapena kukumbukira zimene tikunena pano, koma silingaiwale zimene iwo anachita pano. Zinatembenuka. Mwana wa Bambo a Tadala akuloweza zimene ananena, koma mufunseni dzina la msilikali mmodzi wa pa Gettysburg.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ndipo si mwana wa Bambo a Tadala yekha. Malamulo oyendetsera dziko la France a 1958 ali ndi mawu omwewo a boma la anthu. Lincoln naye sanawapeke yekha, mbusa wina wodana ndi ukapolo, Theodore Parker, ankanena zofanana nazo zaka zingapo m'mbuyomo. Paja amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Nyuzipepala ina ya ku Harrisburg, likulu la Pennsylvania, inalemba mu 1863 kuti zimene Pulezidenti ananena n'zopusa, zoyenera kuiwalika. Mu 2013, patatha zaka 150, nyuzipepala imene inalowa m'malo mwake inalemba zobweza mawuwo.

Achimwene a ku Joni:
Zaka 150 kuti apepese! Ndiye Mayi a Chisomo musataye mtima, abwana aja atuluka mu msonkhano.

Mayi a Chisomo:
Kkkkk achimwene inu mulibe khalidwe.

Sajeni Wopuma:
Loweruka likudzali tikumanga chiliza cha mkulu wanga, ndipo abale andisankha kuti ndiyankhule m'malo mwa banja. Ndinalemba masamba atatu. Nditawerenga za pano ndang'amba awiri. Ndiyesa mphindi ziwiri.

Mkulu wa Mpingo:
A Sajeni, dzipatseni zinayi. Lincoln sankayenera kuthokoza a mfumu, a mpingo, amayi ophika ndi anyamata osakaniza simenti. Mukaiwala mmodzi mwa amenewo mlandu wake simuutha chaka chino.